Mulenga anapita m'tauni, koma a ku Petauke anali atafika kale ku Salisbury

Cha m'ma 1950, galimoto ya kanema ikamabwera pa boma la Petauke, mbiri yake inkafika m'midzi iyo isanazimitse n'komwe injini. Dzuwa likamapendeka ana amakhala atadzaza kale pabwalo, amayi atayala zitenje chapambali, abambo ataima kumbuyo. Anyamata a boma ankakweza chinsalu choyera, n'kuliza injini ya magetsi, ndipo mdima ukangogwirana zithunzi zinkayamba kuyenda. Mafilimu ambiri opangira anthu akuda masiku amenewo analibe mawu. Mawu ankachokera kwa munthu wamoyo, womasulira, amene ankaima pafupi ndi makina n'kumafotokoza m'Chinyanja zimene zikuchitika pansalupo.

Mwa mafilimu amene ankazungulira Northern Rhodesia m'zaka zimenezo, ina yotchuka inali yanthabwala, Mulenga Goes to Town, yojambulidwa ndi Louis Nell wa bungwe la Central African Film Unit. Nkhani yake njosavuta kutsata. Mnyamata wakumudzi watumidwa m'tauni kukagulitsa nkhuku. Tauni yamuzunguza mutu, ochenjera amudyera masuku pamutu, ndipo zonse zimene anapitira zamuthera m'manja. Anthu ankaseka mpaka kugwira nthiti, ndipo boma linkayembekezera kuti kuseka kukatha phunziro litsalira m'mutu: kumudzi n'kwabwino, m'tauni muli minga.

Komatu mwa abambo oima kumbuyo aja munali anthu amene anayendapo wapansi kuchokera kwa Kalindawalo, kwa Nyamphande kapena kwa Ndake mpaka ku Salisbury. Ena anakumbako malasha ku Wankie, ena golide ku Shamva, ena anatha zaka akupalira fodya m'mafamu a azungu ku Mashonaland. Anthu amenewa ankadziwa mtengo wa buledi m'komboni, ankadziwa kubisa ndalama m'lamba, ankadziwa kuyankha kapitao m'Chilapalapa. Filimuyo inkawaphunzitsa za tauni anthu amene tauniyo anaimanga ndi manja awo.

Ulendo wa kum'mwera unayamba ndi msonkho. Azungu atagonjetsa Angoni a Mpezeni mu 1898, dziko la kum'mawa kwa Luangwa linalowa m'manja mwa British South Africa Company, likulu lake ku Fort Jameson, komwe lero ndi Chipata. Sipanapite nthawi, nyumba iliyonse inayamba kulipitsidwa masheleni atatu pachaka. M'midzi ya Ansenga a ku Petauke munali mapira, mtedza ndi mbuzi, koma ndalama munalibe, ndipo ntchito yolipidwa pafupi inali yowerengeka: mgodi wa golide wa Sasare, ndi minda ya azungu ya kufupi ndi Fort Jameson kumene malipiro anali ochepetsetsa. Pamwamba pa msonkho panabwera vuto la malo. Kampani ya North Charterland Exploration inkati dera lokwana masikweya mailosi 10,000 ndi lake, potengera chilolezo chimene Mjeremani wina, Carl Wiese, ankati anapatsidwa ndi Mpezeni. Anthu ambiri anakankhidwira m'madera opatulidwira anthu akuda, kumene anathinana mpaka nthaka inaguga. Boma linadzagula malo a kampaniyo mu 1941 n'kuyamba kubwezeramo anthu, koma apo n'kuti mibadwo iwiri ya amuna itazolowera kale njira.

Njirayo inali yowawa. Kuchokera ku Petauke ndi ku Nyimba, amuna ankatsika m'magulu kutsata Luangwa mpaka ku Feira, pamene mtsinjewo umathira mu Zambezi. Ankaoloka pa bwato, n'kudutsa chigwa chotentha chodzaza ndi zilombo, ufa pamutu, nkhwangwa paphewa, mpaka kukwera kumtunda kwa Mashonaland. Chimene aliyense ankaopa chinali kutheredwa chakudya panjira, chifukwa wanjala ankagwa m'manja mwa Rhodesia Native Labour Bureau, bungwe lolemba anthu ntchito limene linkawatumiza ku migodi yokanidwa ndi aliyense. Anthu ankangoti chibalo. Wolemba mbiri Charles van Onselen, m'buku lake la 1976 lonena za migodi ya ku Southern Rhodesia, anaonetsa mmene apaulendo ochokera kumpoto ankauzirana panjira kuti mgodi wakuti uli ndi kapitao wankhanza, wakuti umapereka chakudya chabwino, ndi mmene ankazembera olemba ntchito kuti akafike okha kumene kunali malipiro abwinoko. Amenewa sanali a Mulenga ayi. Anali anthu owerengera phazi lililonse.

M'zaka za m'ma 1930 njira zinachuluka. Mlatho woyamba wa pa Luangwa unamangidwa mu 1932 ndi ndalama za Beit Trust, Lusaka inakhala likulu mu 1935, ndipo migodi ya kopa ya Roan Antelope, Nkana, Mufulira ndi Nchanga inayamba kukoka anthu. Boma la Southern Rhodesia, poopa kusowa antchito, linayambitsa malole a Ulere, onyamula apaulendo ochokera kumpoto osalipiritsa kanthu.

Kumudzi kunkatsala amayi. Ansenga amatsata kuchikazi, ndipo mwamuna ankakhala pachikamwini kwawo kwa mkazi, choncho iye akachoka mkaziyo ankatsala pakati pa abale ake, ndi munda, ana ndi nkhokwe zonse zili pamutu pake. Madandaulo a amayiwa ankatulukira pamtondo, m'nyimbo zosinjira zimene zinkatchula mwamuna wosalemba kalata, wosatumiza nsalu, wokwatira kwina. Zambiri zinali zoseketsa ndi zolasa nthawi imodzi. Anyamata nawonso anali ndi zawo. Katswiri wa nyimbo John Blacking atafika m'boma la Petauke mu 1961, pamodzi ndi Raymond Apthorpe wa ku Rhodes-Livingstone Institute, anajambula ndi kulemba za kalimba wa Ansenga, choimbira chaching'ono chimene mnyamata ankaliza ndi zala zamanthu akuyenda m'njira. Dera limeneli linali kale ndi luso lake lofotokozera ulendo ndi kuseka apaulendo, kanema asanabwere.

M'chigawo chino cha Africa, maganizo opangira anthu akuda mafilimu awoawo anabadwira ku migodi ya kopa ija. Mu 1932 bungwe la International Missionary Council linatumiza gulu lotsogozedwa ndi J. Merle Davis kukaona mmene migodi ya kopa inkasinthira moyo wa anthu, ndipo lipoti lawo la 1933 linadandaula kuti mnyamata wa kumgodi ndi akulu ake akumudzi sakumvananso. Mankhwala amene anaganiza anali kanema. Kuyambira 1935 mpaka 1937, L.A. Notcutt ndi G.C. Latham, ndi ndalama za Carnegie Corporation, anajambula mafilimu 35, ambiri ku Tanganyika, n'kuwazunguliritsa pa lole mpaka ku Northern Rhodesia ndi ku Nyasaland. Ntchitoyo inafa ndalama zitatha, koma njira inali itaoneka.

Central African Film Unit inakhazikitsidwa mu 1948 ku Salisbury kuti izitumikira maiko onse atatu, Southern Rhodesia, Northern Rhodesia ndi Nyasaland. Mkulu wake anali Alan Izod, ojambula ake oyamba Stephen Peet ndi Louis Nell. Ankagwiritsa ntchito makamera ang'onoang'ono a 16mm, ndipo osewera ankawapeza pamalo pomwepo: mphunzitsi, mesenjala wa boma, mlimi, mayi wa m'mudzi. Imodzi mwa mafilimu oyambirira a Nell, Zimbani, yokhudza ulimi, anaijambula m'boma la Petauke momwemo. Nkhani zambiri za bungweli zinkaumbidwa mofanana, wanzeru kuno wopusa uko, monga mu The Two Farmers. Wanzeru amamvera mlangizi wa boma, amasunga ndalama ku positi ofesi, amakhala pamudzi. Wopusa amamwa mowa, amathamangira zam'tauni, ndipo mapeto ake ndi manyazi.

Apa ndi pamene pali chopweteka m'mbiri imeneyi. Maboma omwewo amene ankalipirira filimu youza mnyamata kuti m'tauni mudzamudya, ankafuna msonkho umene sakanaupeza kumudzi, ndipo limodzi la iwo linkamutumizira lole yaulere kuti abwere adzagwire ntchito. Sikuti ankakana kuti apite. Ankafuna apite, akagwire, akatopa abwerere, mkazi ndi ana atsale kumudzi kuti mgodi ndi famu zisawadyetse. Munthu wakuda wokhazikika m'tauni, wokhala ndi nyumba, banja ndi mawu, ndiye amene ankaopedwa. Nthabwala ya Mulenga inali kutumikira cholinga chimenecho.

Si ku Rhodesia kokha. Mu 1949 ku South Africa kunatuluka Jim Comes to Jo'burg ya Donald Swanson, momwe Daniel Adnewmah anasewera mnyamata wakumudzi amene akuberedwa atangofika m'tauni, ndipo Dolly Rathebe anatchuka nayo monga woimba. Kusiyana kwake n'kwakuti Jim amapeza mwayi m'tauni momwemo. Mulenga mwayi umenewo sanapatsidwe.

Nanga oonera ankapusitsika? Umboni umene ulipo ukusonyeza kuti ayi. Amuna obwerera ku migodi anali ataonera kale mafilimu a ku America m'makomboni. Hortense Powdermaker, amene anakhala ku Luanshya, ku migodi ya kopa, mu 1953 ndi 1954, anafotokoza mmene anthu ankaonerera mafilimu a makauboyi: kukuwa, kuimirira, kuponya zibakera m'malere, ngwazi iliyonse akuitcha Jack, nkhani akuimasulira okha mogwirizana ndi moyo wawo. Anthu otero akakhala pansi kuonera Mulenga ankasankha okha choseka. Ankaseka kugwa kwake, mantha ake, nkhuku zake, ndipo mwina ankadzikumbukira okha tsiku lawo loyamba kuona sitima. Phunziro la boma ankalisiya pabwalo pomwepo.

Ndipo pakati pa filimu ndi anthu panali womasulira uja. Ntchito yake pamapepala inali kuwerenga zimene analemberatu ku Salisbury. Koma munthu woima pamaso pa khamu usiku, amene akumva pomwe anthu aseka ndi pomwe ayamba kuyasamula, sangamamatire pepala. James Burns, m'buku lake la 2002 lonena za kanema m'nthawi ya atsamunda ku Zimbabwe, anasonyeza kuti akuluakulu a boma ankada nkhawa nthawi zonse ndi omasulira, popeza azungu ambiri oyang'anira sankamva zimene zikunenedwa. Womasulira waluso ankasintha mawu, apa n'kukhala nkhalamba, apa tsotsi, apa mnyamata wonjenjemera. Tinganene kuti ameneyu ndiye anali wosewera woyamba wa kanema amene anthu a ku Petauke anamumva akulankhula chilankhulo chawo, ngakhale dzina lake silinalembedwe pa filimu iliyonse.

Wosewera amene dzina lake linalembedwa, mpaka kukhala mutu wa filimu, anali Kenneth Mattaka. Moyo wake ndi yankho labwino koposa kwa Mulenga, chifukwa iye mwini anali mlendo wochokera kumpoto. Anabadwira ku Nyasaland, anapita ku Southern Rhodesia ali wamng'ono, n'kuphunzira pa sukulu ya boma ya Domboshawa kufupi ndi Salisbury. M'zaka za m'ma 1930 anali kale m'gulu la Bantu Actors, limene anadzalitsogolera, gulu losakaniza nyimbo, magule, nthabwala ndi timasewero tatifupi. Malo awo anali maholo a m'makomboni, monga Mai Musodzi Hall ku Harare, komwe lero ndi Mbare, ndi Stanley Hall ku Makokoba mu Bulawayo. M'makomboni amenewa munkakhala anthu ambirimbiri a ku Nyasaland, a kum'mawa kwa Northern Rhodesia ndi a ku Tete, olankhula Chichewa, Chinsenga, Chiyao, Chitonga ndi Chisena, ndipo iwowa anali gawo la anthu olipira pakhomo.

A Central African Film Unit atafuna munthu wodziwadi kuseketsa, anapeza Mattaka. Mu Mattaka Buys a Motor Car anasewera munthu amene wataya ndalama zake pa galimoto yakutha, n'kuona nayo zakuda. Phunziro linali lomwe lija, lakuti munthu wakuda asathamangire zinthu zomuposa msinkhu. Koma amene ankasewera chitsirucho anali katswiri wodziwa nthawi yogwetsa nkhope ndi nthawi yotembenuka, munthu amene ankadya ndi luso lake m'tauni momwe filimu inkati simukhalika. Ntchito ya wosewera wotere ndi yovuta kuposa ya ngwazi. Ngwazi imangofunika kuoneka bwino. Woseketsa ayenera kudzichepetsa pamaso pa anthu popanda kutaya ulemu wawo, ndipo Mattaka anachita zimenezi zaka makumimakumi.

Filimu inali kachigawo chabe ka ntchito yake. Ndi mkazi wake Lina, woimba wodziwika, anasandutsa banja lawo gulu la zisudzo, Mattaka Family, ndipo nyumba yawo inakhala sukulu. Mwana wawo Bertha Msora anadzakhala wosewera ndi wolemba masewero. Safirio Madzikatire anaphunzira luso m'manja mwa Mattaka, ndipo ndi iye amene anadzatchuka dziko lonse la Zimbabwe monga Mukadota, pa wailesi ndi pa wailesi yakanema, pamodzi ndi Susan Chenjerai monga Mai Rwizi. Joyce Jenje Makwenda, amene anafufuza mbiri ya nyimbo za m'makomboni a Zimbabwe, amaika banja la Mattaka pachiyambi penipeni pa mbiriyo. Choncho nthabwala za m'tauni zimene Azimbabwe amazitcha zawo zili ndi muzu wina mwa mlendo wa ku Nyasaland, mmodzi wa anthu amene eni dziko ankawaseka kalankhulidwe.

Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chitayamba mu 1953, bungwe la mafilimu lija linalowa m'manja mwa boma la chitaganya, ndipo pang'onopang'ono linasiya nthano n'kumapanga nkhani zotamanda boma. Anthu a kumpoto, amene chitaganyacho anachikana kuyambira pachiyambi, anataya nalo chikhulupiriro. Linatha mu 1963 pamodzi ndi chitaganya. Mafilimu ake ambiri akusungidwa ku National Archives of Zimbabwe mu Harare, kutali ndi zidzukulu za anthu a ku Petauke amene anaonekamo, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti nkhope za agogo awo zili m'zitini kudziko lina.

Njira ya kum'mwera nayo inatsekeka. Ian Smith atalengeza ufulu wa azungu ku Rhodesia mu 1965, ndipo malire a Zambia (Northern Rhodesia wakale) ndi Rhodesia atatsekedwa mu 1973, mwana wa ku Nyimba wofuna ntchito ankangokwera basi ya ku Lusaka, kudutsa Kacholola ndi mapiri okhotakhota, kuoloka mlatho watsopano wa pa Luangwa wa 1968. Anthu a kum'mawa anadzaza Matero, Chawama, Kalingalinga ndi Mtendere, ndipo Chinyanja cha mu Lusaka, chimene lero amalankhula ngakhale Abemba ndi Alozi obadwira mumzindawo, chili ndi Chinsenga chambiri m'kati mwake. M'chilankhulo chimenechi ndi mmene nthabwala za likulu zimachitikira. Bikiloni ndi Difikoti anaseketsa nacho dziko lonse pa wailesi yakanema. Henry B.J. Phiri, wosewera amene wakhala nthawi yaitali m'zisudzo za Zambia, anadziwika kunja ndi filimu ya Rungano Nyoni ya 2017, I Am Not a Witch, momwe anasewera a Banda, bwana wa boma amene akudyera pa kamtsikana konamiziridwa ufiti. Filimuyo inapambana mphoto ya BAFTA mu 2018. Chosekedwa m'menemo si munthu wakumudzi. Ndi bwana wovala suti.

Ana a apaulendo aja anafika patali kuposa pamene olemba Mulenga akanalota. Rupiah Banda, pulezidenti wa Zambia kuyambira 2008 mpaka 2011, anabadwira ku Gwanda mu Southern Rhodesia mu 1937, kumene makolo ake ochokera kum'mawa anapita kukafuna ntchito. Edgar Lungu, amene analamulira kuyambira 2015 mpaka 2021, anabadwira ku Ndola mu 1956, koma kwawo kwa makolo ake ndi ku Petauke.

Pali ena amene filimu ya boma sinawatchule n'komwe: machona, amene anapita osabwerera. Ambiri anakwatira kumeneko, anakalambira m'mafamu ndi m'migodi, ndipo ana awo anabadwa osadziwa njira ya kwa Nyalugwe kapena kwa Sandwe, ngakhale mayina awo ndi a Tembo, a Mwanza, a Daka, a Phiri. Mafamu a azungu atayamba kulandidwa ku Zimbabwe mu 2000, antchito ambiri a mtundu umenewu anataya ntchito ndi pokhala tsiku limodzi, opanda mudzi wothawirako. Chaka chotsatira, lamulo la unzika litasinthidwa, anthu obadwira m'dzikomo koma makolo awo ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique anauzidwa kuti akane unzika wa maiko amene ambiri a iwo anali asanapondemo, ndipo amene sanathe kutero anasanduka alendo, osaloledwa kuvota. Malamulo atsopano a dzikolo a 2013 anabwezera unzika kwa obadwira ku Zimbabwe amene kholo lawo linachokera m'dziko la SADC, koma kuti munthu alandire chitupa ayenera kuonetsa mapepala, ndipo agogo amene anaoloka Zambezi pa bwato ku Feira sanasiyire ana awo pepala lililonse.